Atilembere pa paketi zomwe zili mu sopo amene tikuchapira

Akonzi,

Ndipatseniko danga mu nyuzi yathuyi ndinenepo za sopo wochapira zovala, nkhani yomwe ambiri angaione ngati yaing'ono poti dziko lili ndi mavuto akuluakulu. Ine ndinali mphunzitsi wa sayansi ku sekondale, pano ndinapuma ndipo ndimathandiza gulu la amayi a kuno kwathu amene amapanga sopo wogulitsa, nde manja a azimayi ndimawaona pafupi kwambiri. Manja osupuka, zala zong'aluka mpakana kutuluka magazi, zikhadabo zothetheka, pakati pa zala poyera mbuu ngati pakufuna kuwola. Ukafunsa akuti ndi chisanu cha mu June, ena akuti magazi anga ndi oipa, ena mpaka kuganizira anthu. Pomwe munthuyo wakhala m'mawa onse manja ali mu beseni la safu amene sakudziwa n'komwe kuti anapanga ndani, anapangira kuti, ndipo anathiramo chani.

Chomwe chimandiwawa ndi choti ku maiko kumene anthu amachapira mashini, kumene munthu amangothira sopo n'kutseka osakhudza madziwo olo pang'ono, ndi komwe kuli malamulo okhwima okakamiza makampani kulemba zonse pa paketi. Kuno kumene mayi, mtsikana wantchito, mwana wa ku sukulu yogonera konko, munthu wa maganyu ochapa, onsewa amaviika manja mpaka m'zigongono, ndi kumene tikugula mwakhungu. Amene akufunikira kwambiri kudziwa ndi ife, osati iwo.

Ife sopo timasankha ndi zinthu ziwiri basi, thovu ndi fungo. Ndikuuzeni abale anga, thovu silichapa. Safu wopangidwira mashini amamupanga dala kuti asachite thovu lambiri chifukwa lingasefukire, koma zovala zimayera bwinobwino. Wochapira pamanja amamupanga wa thovu lambiri chifukwa makampani anaona kuti ife tikapanda kuona beseni litatukumuka timati sopoyu ndi wabodza. Chomwe chimachotsa litsiro ndi mankhwala omwe pa paketi amalemba kuti surfactant, nthawi zambiri anionic surfactant kapena dzina lalitali lija loti linear alkylbenzene sulphonate. Kagwiridwe kake ka ntchito ndi koti mbali imodzi imagwira mafuta ina imagwira madzi, nde imazula mafuta a pa kolala ya malaya n'kuwapititsa m'madzi. Vuto ndi loti siisankha, mafuta a pa kolala ndi mafuta achibadwa omwe amateteza khungu lanu kwa iyo ndi chimodzimodzi, imachotsa onse. Pamwamba pa apo mu safu muli sodium carbonate wambiri, amene amapangitsa madzi kukhala aukali. Amene munaphunzira za pH, muyeso wa ukali wa madzi, mukumbukira kuti khungu lathu limakhala cha pa 5.5, pomwe madzi a safu amafika 10 kapena 11, ndipo pa muyeso umenewu sitepe imodzi ndi kuchulukitsa ka 10. Nde taganizani khungu lomwe lachotsedwa kale mafuta, likunyikidwa mmenemo maola awiri atatu, kwinaku mukufikisa jinzi pamwala. Lisang'aluke bwanji?

Kenako pali kathiridwe. Ambirife sitiyeza, timangokhuthula mpaka thovu lidzaze. Amene amatunga pa mjigo wa madzi a mchere, ngati madera ena a ku Chikwawa ndi Nsanje, amadziwa kuti sopo sachita thovu msanga, nde amangoonjezera, kuonjezeranso, chikhalirecho safu woyamba uja anali wokwana kale. Potsukuluza mpamene pamavutanso chifukwa m'tauni madzi ndi ogula pa ndowa, munthu amatsukuluza kamodzi kuti asunge madzi ophikira. Zotsatira zake sopo amaumira mu nsalu, chovala chimalimba gwa, munthu akachivala n'kutuluka thukuta sopo uja amasungunukanso pakhungu, m'khwapa, m'chiuno, m'khosi, kuyabwa n'kuyamba. Kuchepetsa safu n'kuviika zovala kwa theka la ola musanayambe kufikisa kumayeretsa kuposa kukhuthula paketi yonse, ndipo madzi otsukuluzira kachiwiri satayika, mumakolopera m'nyumba kapena kuviikira zovala zotsatira.

Tsono nkhani yaikulu yomwe yandipangitsa kulemba ndi safu wa m'timapepala tomanga uja. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 zinthu sizinabwererenso m'chimake, paketi ya safu anthu ambiri sangaikwanitse, nde timagula pa benchi kapena pa okala kapepala koyezedwa ndi supuni kapena kachitsekerero. Ine sindikuimba mlandu mavenda ayi, akusaka ya mchere ngati wina aliyense ndipo akuthandiza anthu omwe alibe ndalama ya paketi yonse. Koma kapepala kaja kalibe dzina, kalibe tsiku lomwe sopoyo anapangidwa, kalibe chidindo cha Malawi Bureau of Standards (MBS), kalibe chilichonse. Ufa woyera wa timadontho tabuluu basi. Ukafunsa kuti ameneyu ndi uti amangotchula dzina lomwe akuona kuti ulikonda. Mwana akatuluka ziwengo, adokotala akafunsa kuti mukuchapira sopo wanji, muyankha kuti chani? Ndipo mawa mukafuna kusintha musintha kuchoka pa chani kupita pa chani, poti timapepala tonse timaoneka mofanana? Bola wogulitsayo akamasunga thumba lenileni pa benchi pompo, loti wogula aone ndi maso kuti akutapa mmenemu. Izi sizifuna ndalama olo tambala imodzi.

Mwana wa mchemwali wanga ali ku Britain, ndinamupempha kuti andijambulire kuseri kwa paketi yomwe amachapira anditumizire pa WhatsApp. Kumeneko amatsatirabe ndondomeko yochokera mu lamulo la European Union la mu 2004, lomwe limati wopanga alembe magulu a mankhwala omwe alimo ndi kuchuluka kwake, kuti awa ndi ochepera 5 peresenti, awa ndi pakati pa 5 ndi 15, awa pakati pa 15 ndi 30, awa kupitirira 30. Ma enzyme (mankhwala ophwanya litsiro la magazi ndi zakudya), zonunkhiritsa, mankhwala oletsa sopo kuwonongeka, izi amazilemba olo zikhale zochepa bwanji. Komanso pa paketi pamakhala adiresi ya pa intaneti pomwe munthu angakaone mndandanda wonse. Kuno tatengani mapaketi omwe ali m'magolosale muone. Ena alembadi bwino, ndiwayamikire. Ena malembo ake ndi ang'onoang'ono moti olo ndi magalasi sungawerenge, ena ndi Chipwitikizi chokhachokha poti analowera ku Mwanza kapena ku Dedza, ena Chiswahili poti anadzera pa Songwe, ndipo ena palibiretu kanthu kupatula chithunzi cha malaya oyera ndi maluwa.

Za fungo ndiye ndichedwepo pang'ono chifukwa apa mpomwe tinakodwa kwambiri. Timafuna kuti tikadutsa anthu amve kuti uyu wachapa. Koma fungo silichotsa litsiro olo kadontho, ndipo amalipanga dala kuti likanirire mu nsalu masiku angapo, kutanthauza kuti likukhala pakhungu lanu usana ndi usiku, mu zofunda, mu zovala za m'kati, mu chitenje choberekera mwana. Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Madokotala a khungu amadziwa kuti zonunkhiritsa zili m'gulu la zinthu zomwe zimayambitsa ziwengo kwambiri, ndipo n'chifukwa chake ku Ulaya anasankha zonunkhiritsa 26 zoti zikapitirira 0.01 peresenti azizitchula ndi dzina pa paketi. Mukaona mawu ngati limonene, linalool, geraniol, citronellol, hexyl cinnamal, dziwani kuti ndi zimenezo. Sikuti ndi poizoni kwa aliyense ayi, anthu ambiri sizimawachita kanthu. Koma thupi likangoyamba kudana nazo silibwereranso, munthu amakhala nalo vutolo moyo wake onse, ndipo njira yokhayo ndi kuzipewa, tsono upewa bwanji chinthu chomwe sichinalembedwe? Mu sopo wamadzimadzi mumakondanso kukhala methylisothiazolinone, mankhwala oletsa kuti sopoyo asavunde, omwe anavutitsa anthu ambiri moti mu 2013 bungwe la madokotala a khungu ku America linawatchula kuti ndi oyambitsa ziwengo ofunika kusamala nawo kwambiri a chaka chimenecho. Amene ali ndi mphumu m'nyumba amadziwanso okha kuti zofunda zonunkhira kwambiri zimawabanikitsa usiku. Ndipo mankhwala ofewetsa zovala aja omwe timathira pomaliza, ntchito yake ndi kumata nsalu ndi kamafuta konunkhira, n'chifukwa chake thaulo kapena thewera lomwe lathiridwa kawirikawiri limasiya kumwa madzi. Pa zovala za khanda ine ndimati ayi ndithu.

Palinso optical brighteners. Awa sachapa, amangomatirira pa nsalu n'kumabweza kuwala kwa buluu pang'ono kuti diso lione ngati chovala chayera kwambiri. Si oopsa kwenikweni koma ndi zinthu zotsalira pa nsalu zomwe khanda silikuzifuna.

Ndisaoneke ngati chilichonse cha dzina lachingerezi ndi choipa. Ma enzyme, monga protease, amylase ndi lipase, ine ndimawaikira kumbuyo, chifukwa ndi amene amaphwanya magazi, dzira, phala ndi mafuta olo m'madzi ozizira, nde munthu sufikisa kwambiri, sufunanso kuphitsa madzi ndi makala odulawa. Ku Britain anthu anazolowera kugulira ana sopo wopanda ma enzyme koma akatswiri a khungu atafufuza sanapeze umboni wamphamvu woti ma enzyme otsalira mu nsalu amayabwitsa. Pomwe anavutapo ndi m'mapapo. Cha m'ma 1969 anthu ogwira ntchito m'mafakitale a safu ku Britain komweko anayamba kudwala mphumu chifukwa chopuma fumbi lake, ndipo kuchokera apo makampani anayamba kuwakutira mu timibulu kuti asamauluke. Nde ine ndikaona mnyamata kapena mayi atakhala mu okala yopanda windo akutapa safu m'thumba lalikulu kumanga timapepala mazanamazana, akuyetsemula, maso ali psuu, ndimamva chisoni. Amangire panja pa mphepo, avale kansalu kumphuno, tinali nazo tonse zija nthawi ya Covid.

Ndipo pali zina zoti olo uwerenge bwanji paketi sungazione chifukwa sachita kuthira, zimangobadwa popanga. Chitsanzo ndi 1,4-dioxane, amene amapezeka mu sopo wina wamadzimadzi ndipo akatswiri a khansa amamuika m'gulu la zinthu zomwe mwina zingayambitse khansa. Boma la New York ku America linaika malire oti kuchokera kumapeto kwa 2023 asapitirire gawo limodzi pa miliyoni mu sopo wa m'nyumba. Zotere mayi wa ku Ndirande sangazione ndi maso kapena kununkhiza, zimafuna labotale, ndipo labotale ili ndi a MBS.

Kwa amayi a ana aang'ono, matewera ndi zovala za khanda chapani ndi sopo wa mtanda wopanda fungo komanso wopanda mtundu, mutsukuluze mpaka madzi asiye kuterera, muyanike padzuwa, musite. Kusitako sikuti ndi manyado, kumapha mazira a ntchentche ija yomwe imabweretsa mphutsi pakhungu nthawi ya dzinja. Mwana akatuluka totupa musathamangire kunena kuti ndi sopo, ikhoza kukhala mphere kapena matenda ena, makamaka ngati anthu ena m'nyumbamo akukandanso usiku. Pitani naye kuchipatala aone. Ndipo chonde musagule timafuta ta m'timachubu tija pa benchi n'kumapaka khanda, tina mwa ito tili ndi mankhwala amphamvu omwe amapyapyalitsa khungu.

Jiki ndiye ndimuopa kwambiri kuposa safu, osati chifukwa ndi woipa, koma chifukwa cha momwe timamusakanizira. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anatitengera anthu oposa 1,700 ndipo klorini ndi amene anapulumutsa ambiri, nde palibe angandimve ndikunena kuti tisiye. Koma pali chikhulupiriro choti ukaphatikiza mankhwala awiri atatu mphamvu imachuluka. Jiki ukamusakaniza ndi mankhwala a asidi otsukira chimbudzi, kapena ndi viniga, pamatuluka mpweya wa klorini, omwewo omwe anaphera asilikali ku Ypres, m'dziko la Belgium, mu 1915 pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ukamusakaniza ndi mankhwala okhala ndi ammonia pamatulukanso mpweya wina owotcha mapapo, ndipo mkodzo wogonera umatulutsa ammonia, choncho matewera kapena zofunda za wodwala zoti zanyowa ndi mkodzo yambani mwazitsukuluza ndi madzi kenako mpomwe muziviike mu jiki wosungunula. Mabafa athu ambiri ndi ang'ono, opanda windo, mtsikana wantchito amadzitsekera mmenemo akutsokomola misozi ili chuchuchu, abwana akuti ndiye kuti mankhwala akugwira. Sakugwira chimbudzi pamenepo, akugwira mapapo a mwana wa eni.

Chinanso chomwe sindimamva anthu akukamba ndi maneti a udzudzu. Neti yonyikidwa kale m'mankhwala ija imayesedwa kuti ipirire kuchapidwa ka 20, koma ndi kuchapa kofatsa. Ife timaiviika mu safu usiku onse, ena kuthirako jiki kuti iyere, kuimenya pamwala, kenako kuiyanika padzuwa la mu October. Ikauma yayeradi koma mankhwala ophera udzudzu apita. Neti imafuna sopo wa mtanda, madzi ozizira, kufinya pang'onopang'ono, kuyanika pamthunzi, ndipo osaichapira mu mtsinje chifukwa mankhwala akewo amapha nsomba.

Poti ndatchula mtsinje, onaninso pa paketi ngati pali mawu oti phosphate kapena sodium tripolyphosphate. Ntchito yake ndi kufewetsa madzi kuti sopo agwire bwino, ndipo pakhungu si vuto lalikulu. Vuto lake ndi loti ndi chakudya cha zomera, ndi phosphorus yemweyo amene ali mu fetereza wa NPK. Akalowa m'madzi ndere ndi udzu wa m'madzi zimakula mopenga, zikamaola zimamaliza mpweya, nsomba n'kumafa. European Union inachepetseratu phosphate mu sopo wochapira zovala kuyambira mu June 2013. Ife tili ndi namasupuni mu Shire, amene pamodzi ndi zinyalala zina amakokoloka kudutsa pa Liwonde n'kukatseka makina a magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani. Sindikunena kuti safu ndi amene anabweretsa namasupuni, fetereza wokokoloka m'minda ndi zonyansa za m'zimbudzi ndi zomwe zimathira zambiri. Koma tapitani m'mbali mwa Mudi kapena mtsinje wa Lilongwe Loweruka m'mawa, kapena pa gombe lililonse ku Mangochi ndi ku Nkhotakota, muone thovu lomwe likulowa m'madzi omwe ena kumunsi akutunga. Kutunga madzi n'kukachapira kumtunda pang'ono, n'kutaya madzi a sopo pa dothi kutali ndi mtsinje komanso kutali ndi chitsime, kumathandiza kwambiri chifukwa nthaka imasefa.

Ena amva zonsezi n'kunena kuti basi tibwerere ku zachilengedwe, ndipo m'masitolo akuluakulu mwayamba kubwera mabotolo a zithunzi za masamba obiriwira a mtengo wokwera kawiri. Chenjerani, chithunzi cha tsamba aliyense akhoza kujambula, tembenuzani botolo muwerenge kuseri, mupeza kuti ena muli zonunkhiritsa zomwe zija, ndipo limonene amene ndatchula uja amachokera mu makoko a malalanje, ndi wachilengedwe ndithu koma amayabwitsa anthu ena. Ku Ethiopia kuli chomera chotchedwa endod chomwe zipatso zake anthu akhala akuchapira kuyambira kalekale. Mu 1964 wasayansi wa komweko, Aklilu Lemma, ali ku Adwa anaona kuti kumunsi kwa pomwe amayi amachapira kunali nkhono zakufa zambirimbiri pomwe kumtunda zinali zamoyo. Zinakhala zothandiza chifukwa nkhono zimenezo ndi zomwe zimafalitsa likodzo, ndipo anadzalandira nazo mphoto ya Right Livelihood mu 1989. Koma chomera chomwecho chimaphanso tinsomba. Olo madzi a phulusa omwe agogo athu ankachapira, akakhala okhathamira amasupula manja bwinobwino.

Ndiyankhulenso ndi anzanga opanga sopo m'magulu, chifukwa ife tikudandaula za makampani tikuyeneranso kuchita zomwe tikuwapemphazo. Sopo wa mtanda amapangidwa ndi mafuta ndi kostiki soda, yemwe ndi sodium hydroxide, ndipo akayezedwa bwino pa sikelo n'kusiyidwa milungu 4 mpaka 6 kuti akhwime amakhala sopo wofatsa kwambiri, wabwino kuposa safu ambiri pa manja. Koma m'misika mukupezeka sopo woti kostiki anayezedwa ndi kapu mongoganizira, waumbidwa Lolemba, Lachinayi ali kale pa benchi chifukwa ndalama ya ku banki m'khonde ikufunika kubwezedwa. Sopo ameneyo amalasa m'manja, amasupula, amadya ndi nsalu yomwe. Mukaona mtanda uli ndi ufa woyera wambiri pamwamba, ukuphwanyika ngati choko, kapena mukausambira m'manja mukumva kutentha, usiyeni. Mabungwe omwe amabwera kudzaphunzitsa amayi masiku awiri n'kujambula zithunzi n'kumapita, chonde muzisiya sikelo, magolovesi ndi magalasi oteteza maso, osangosiya satifiketi. Kostiki amathiridwa m'madzi, osati madzi kuthira pa kostiki, chifukwa amawira n'kuthovokera kumaso ndipo diso likhoza kufa. Saphikira mu poto wa aluminiyamu chifukwa amadya potoyo. Ndipo pa gulu lathu tinagwirizana kuti mtanda uliwonse uzikhala ndi kapepala kolemba mafuta omwe tagwiritsa ntchito, ngati tathiramo fungo kapena mtundu, tsiku lomwe taumba ndi dzina la gulu. Ngati amayi a mpamba wochepa akutha kulemba, kampani ya mafakitale ingalephere chani?

Sopo wamadzimadzi wopanga tokha uja tikumuika m'mabotolo a zakumwa, wobiriwira, wapinki, wachikasu, n'kumusiya pansi pafupi ndi ndowa. Mwana wa zaka ziwiri akaona botolo lomwe amamwera masiku onse sangasiyanitse. Chimodzimodzi jiki wopungulira m'botolo la madzi akumwa, komanso timapaketi tofewa ta sopo wa mu mashini tomwe abale akunja amabweretsa, tooneka ngati maswiti. Ikani pamwamba, matulani chipepala cha chakumwacho mulembepo ndi cholembera chachikulu. Ngozi ikachitika musamusanzitse mwana, musamulowetse chala kukhosi kapena kumumwetsa madzi a mchere, chifukwa mankhwala owotcha akamabwerera amawotchanso kachiwiri ndipo thovu likhoza kulowa m'mapapo. Mutsukeni m'kamwa, thamangani naye kuchipatala mutanyamula botololo. Akalowa m'maso tsukani ndi madzi oyera mosalekeza kwa mphindi 15 musananyamuke.

Ndikudziwa wina akuwerenga akuti amayi inu, anthu akusowa ya ufa inu mukukamba zosankha sopo. Ndamva, ndipo ndikukhala m'dziko lomweli. Koma taonani zomwe ndanenazi, sopo wa mtanda wopanda fungo ndi wotchipa kuposa wonunkhira, kuchepetsa safu ndi kusunga ndalama, kusiya zofewetsa zovala ndi kusunganso ndalama. Kupaka vaselini m'manja mukangomaliza kuchapa manja asanaumiretu kumabwezeretsa mafuta omwe achoka. Chodula ndi magolovesi okha, ndipo apa ndikuyankhula ndi inu mabwana ndi madona amene muli ndi antchito, komanso eni malo ogona alendo ndi masukulu ogonera konko: amene amakuchapirani mabulangete ndi majinzi mugulireni magolovesi, ndi mtengo wa mayunitsi a tsiku limodzi. Manja akewo ndi omwe amadyetsa ana ake, akang'aluka alibe tchuthi cha odwala. Kumudzi nako, zovala zomwe bambo avala popopera thonje, fodya kapena tomato zisalowe beseni limodzi ndi za ana, olo sopo akhale wabwino bwanji.

Tsono pempho langa. A Malawi Bureau of Standards, bungwe lanu lilipo kuyambira 1972, tikuona chidindo chanu pa zinthu zambiri ndipo timachikhulupirira. Tikufuna kuti sopo aliyense wochapira, wopangidwa kuno kapena wolowa pa chipata, azilembedwa zomwe zilimo m'malembo oti munthu awerenge opanda magalasi, ndipo machenjezo akuluakulu, monga osasakaniza ndi jiki, ikani patali ndi ana, mwana akamwa musamusanzitse, muyezo wake ndi uwu pa ndowa imodzi, akhale m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Makampani a mbewu ndi a mafoni amatha kutilembera m'Chichewa akafuna ndalama zathu, nde zotheka. Muzitenganso timapepala ta m'misika tija n'kukatiyeza, zotsatira zake muzitulutse poyera tidziwe, osati kukalanda katundu wa mavenda ayi, koma kulondola amene akuwagulitsa matumba opanda dzina. A Competition and Fair Trading Commission ndi a CAMA, bungwe loimira ogula, lamulo loteteza ogula la mu 2003 lija limakhudzanso kapepala ka safu ka pa benchi, ndipo pa 15 March pomwe mumakumbukira ufulu wa ogula mudzaikeko nkhani imeneyi. Azaumoyo a m'midzi akamaphunzitsa ku sikelo za maneti ndi za klorini, aonjezereko mphindi zisanu za kachapidwe.

Ndipo inu Akonzi, tumani mtolankhani wanu mmodzi apite mu msika wa Limbe, wina ku Lilongwe, wina ku Mzuzu, agule mitundu ya safu ndi sopo yomwe angaipeze, ya m'mapaketi ndi ya m'timapepala yomwe, mujambule kuseri kwake mutisindikizire pa tsamba limodzi kuti tione kuti ndi angati alemba zomwe zilimo, ndi angati ali ndi chidindo, ndi angati ali ndi chenjezo loti mayi wa sitandade 5 angalimve. Akafunse ndi anamwino a ku chipatala cha khungu ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central kuti manja otere amawaona kangati.

Ine wanu,

Mphunzitsi wopuma,
Chilomoni, Blantyre